Chingwe cha Msinkhu wa Zena

Hout Bay, Kepitauni
18 Febuluwale 2024

Amake Zena,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu, ndi onse a kwa Mponda. Ine kuno ndilipo, Alihamudulila, kupatula msana umene wayamba kundikumbutsa kuti sindinabadwe dzulo.

Mudabwa kuti masiku ano a foni munthu n'kumalemba kalata ngati agogo a ku Wenela. Vuto ndi ntchito yatsopanoyi. Sitima yophera nsomba imene ndalowa imakhala pamadzi masabata asanu ndi limodzi, ndipo kumeneko foni imasanduka tochi. Tikakocheza timakhala kumtunda masiku anayi basi. Ndikati ndiimbe, m'chipinda muli amuna asanu otchera makutu, ndiye timangofunsana moni ndi za mvula, mayunitsi n'kutha, mawu enieni ali pakhosi. Choncho ndagula kope. Ndizilemba, Che Swadick a thiransipoti azinyamula akamabwera kumudzi ndi katundu wa anthu.

Nyanja ya kuno ndi yaikulu koma ndi yopanda ulemu. Madzi onsewo, ukamva ludzu sungamweko. Ndimasowa fungo la usipa pathandala, lomwe lija ndinkati likununkhitsa malaya anga.

M'katoni muli nsapato za Zena zosewerera mpira. Ndayeza ndi kapepala kaja munajambulapo phazi lake, n'kuwonjezerako chala chimodzi poti ana amakula.

Chingwe chija ndikadali nacho. Mukumbukira tsiku lonyamuka, ndinadula chingwe chosokera ukonde n'kumuyeza Zena kuchokera kuchidendene mpaka pamutu, iye akuseka kuti ndikumugirigisha. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, akundilekeza pathumba la malaya. Ndimachisunga m'kachikwama ka pasipoti. Zithunzi za pafoni sindizikhulupirira, munthu amaoneka wamkulu kapena wamng'ono malingana ndi mmene wojambula waimira. Chingwe sichinama.

Mumuuze andilembere yekha, ndi dzanja lake. Andiuze zonse, ngakhale zopanda ntchito.

Ndine mwamuna wanu,
Atumani

Kwa Mponda, Mangochi
14 Epulo 2024

Ababa,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino. Idi tadya bwino, amayi anaphika mpunga ndi nkhuku, koma mbale yanu inangokhala pashelefu ngati chaka chatha.

Nsapato zinafika, sikomo kwejinji. Ndi zokongola kwambiri. Koma musakhumudwe Ababa, zinangolowa zala zokha, chidendene chinatsala panja. Kapepala kamene muli nako tinajambula ndili Sitandade 6, pano ndili Fomu 2. Ndapatsa Mwanamvua wa kwa mjomba Abudu, iye mpaka akufuna kumagona nazo.

Mwati ndikuuzeni zonse, ndiye khalani pansi. Ndili m'timu ya sukulu ya mpira wamanja. Ndimasewera kumbuyo, ntchito yanga ndi kulanda mpira usanafike kwa wogoletsa. Musade nkhawa, timavala thalauzi mkati mwa siketi ndipo mpango suchoka kumutu.

Kochi wathu ndi Madamu Fyness, aphunzitsi a Bayoloje. Iwo amati mpira wamanja umayambira m'miyendo. Lolemba ndi Lachinayi mpira sitiugwira n'komwe, timachita mafizo. Timathamanga mumchenga, timalumpha jingo, timaima ndi mwendo umodzi titatsinzina mpaka wina kugwa, tonse n'kufa nazo kuseka. Kenako timanyamula zitsulo. Si zitsulo zenizeni ayi, ndi zitini za penti zothiramo simenti, zolumikiza ndi paipi. Timaika paphewa n'kumanyonyomala, kudzuka, kunyonyomala, kudzuka, kakhumi, tipume, kakhuminso. Chaka chatha ndinayamba ndi paipi yokha miyezi iwiri yathunthu, chifukwa Madamu salola kuwonjezera kulemera msana usanaphunzire kuwongoka. Amayenda ndi kabango n'kumatigogoda mabondo akamapindikira mkati. Atiphunzitsanso kutera: ukalumpha uzitsika mabondo ali opinda, mwakachetechete ngati mphaka, osati kuti phii ngati thumba la chimanga.

Ababa, zimathandiza! Kale ndikafika chigawo chachinayi cha gemu ndinkaona nyenyezi masana, miyendo ngati ya munthu wina. Pano anzathu akamagwira m'chiuno ine ndimakhala ngati ndikuyamba kumene. Chaka chino m'timu mwathu palibe amene wabinya mwendo. Ngakhale m'kalasi ndinasiya kuwodzera.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mu Ogasiti adzasankha timu ya boma lonse la Mangochi ya atsikana osapitirira zaka 17, yokasewera ku Blantyre. Madamu akuti ine ndi mnzanga Dorika tili ndi mwayi. Ine ku Blantyre sindinapondeko chibadwire. Mundipempherere.

Mudzabwera liti? Sindikufunsa kuti ndikuvutitseni, ndangofunsa.

Ndine mwana wanu,
Zena

Hout Bay, Kepitauni
26 Meyi 2024

Mwana wanga Zena,

Waalaikumu salamu. Ndatsika m'sitima dzulo n'kupeza kalata yako. Ndawerenga katatu, ndipo anzanga atopa nane chifukwa aliyense ndamuonetsa mmene umalembera mizere yowongoka. Za nsapato undikhululukire. M'mutu mwanga phazi lako linaima pa kapepala kaja.

Za mpira ndakondwa. Koma pamene ndinafika pa zitini za simenti, chakudya chinandikanika.

Ine bambo ako kumudzi ankanditcha Chidule. Ukudziwa chifukwa chake? Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi amalume anga anandiika pachingwe cha khoka, kukoka limodzi ndi akuluakulu, ndikatero kusenza madengu a nsomba kuchokera kugombe mpaka kumsewu. Anzanga amene ankapita kusukulu anakula ngati bulugamu, ine ndinaima pomwepo. Mudzi wonse unkanena kuti katundu ndiye wandipinimbiritsa. Ndinkafunitsitsa kukhala goloboyi wa timu ya kwathu. Anandiyang'ana, n'kundiuza kuti ndizikaima kuseri kwa golo, ndizitola mpira ukapitirira. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma mpaka lero zimandiwawa.

Ndinabwera kuno kuti iwe usadzasenze zimene ndinasenza ine. Ndiye lero ndimve kuti ukuika simenti paphewa, mwakufuna kwako, msinkhu usanathe kukula? Ndafunsanso anzanga a m'sitima. Wina wa ku Monkey Bay akuti mtsikana wonyamula zitsulo amauma thupi ngati mwamuna. Wina akuti amadzavutika pobereka. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, ine sindikufuna tidzazionere pa iwe. Madzi akatayika saoleka.

Mpira sewera, sindikuletsa. Kuthamanga thamanga. Koma zitinizo, ndi zonyonyomalazo, ndi mafizo onse a Lolemba ndi Lachinayi, usiye kuyambira tsiku limene kalatayi idzakupeze. Aphunzitsiwo ndikuwalemekeza, koma mwana ndi wanga. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi sindinakuletsepo kanthu. Ndi ichi chokha.

Za kubwera, Inshaala. Ndikamaliza zimene ndinadzera udzangoona ndatulukira.

Ndine bambo ako amene amakukumbuka tsiku lililonse,
Atumani

Kwa Mponda, Mangochi
16 Juni 2024

Bambo a Zena,

Asalamu alaikumu. Tili moyo. Mawa ndi Idi ya nsembe, mbuzi agula achimwene anga Abudu. Mwera wayamba, asodzi akungosoka maukonde kumtunda.

Kalata yanu Zena anawerengera pakhonde, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'buku la Bayoloje. Chiyambire tsiku limenelo zitini sanazigwirenso. Lolemba ndi Lachinayi amabwera msanga kunyumba n'kumasesa pabwalo posesa kale. Mwapambana. Tsopano mundimvere ine.

Mukuti khoka ndi limene linakufupikitsani. Che Atumani, mwaiwala kuti malemu abambo anu ine ndinawaona? Pokwera njinga ankachita kufunafuna chulu. Amayi anu mango a m'munsi ankathyola ndi ndodo. Make mbuu, mwana mbuu. Khokalo mukungolinamizira.

Chinanso, mwanayu wakhala akusenza ndowa ya malita makumi awiri kuchokera kumjigo, katatu patsiku, chiyambire ali ndi zaka khumi. Imeneyo simunailemberepo kalata. Yakupwetekani ndi simenti ya Madamu, imene amanyamula mphindi zochepa munthu wophunzira atamuimirira pambali. Ndinapita ndekha kusukulu kukaona. Madamu Fyness anandipatsa paipiyo kuti ndiyese, ndinanyamula osavula n'komwe chikwama paphewa. Anandifotokozera mofatsa kuti mafupa a mwana amalimba akamagwira ntchito yoyezedwa, yokhala ndi masiku opuma. Chimene chimawononga mwana ndi katundu wopitirira mphamvu zake, tsiku lonse, m'mimba muli njala. Zimene munaona inu muli mwana zinali zowawa, sindikukana, koma si zimenezi. Za kubereka ndinafunsanso, anangoseka n'kundiuza kuti iwo anyamula zitsulo kuyambira ali kusekondale ndipo ali ndi ana atatu. Madokotala anu a m'sitimawo muwapatse moni.

Achimwene anga atamva anabwera. Anati kwathu kuno mwana ndi wa mjomba, iwo akuloleza, apitirize. Mwambo mukuudziwa, akanatha kutero. Koma Zena anakana. Anati, "Mjomba, nsapato za ababa zinandichepera, diresi la ababa linandichepera. Mawu awo okha ndi amene ndingathe kuvala. Ndikavulanso amenewa nditsala ndi chiyani cha iwo?" Achimwene anangotola kofiya yawo n'kumapita. Ine ndinalowa m'nyumba, ndipo sindikuuzani kuti ndinakatani.

Bwezani mawu anu, Bambo a Zena. Palibe wina angawabweze. Ine ndimauza anthu kuti ndinazolowera kukusowani, ngakhale kuzolowera kwake ndi kwa pakamwa chabe. Mwanayu sanazolowere.

Ndine mkazi wanu,
Shamima

Hout Bay, Kepitauni
14 Julayi 2024

Amake Zena,

Asalamu alaikumu. Ndatsika Lachisanu koma sindinapeze kalata iliyonse. Akuti galimoto ya Che Swadick inawafera ku Tete, akudikira chitsulo chochokera ku Joni. Iyi ndapatsira bambo wina wa ku Makanjira amene akubwerera kumudzi.

Komabe mtima wanga uli m'malo. Dzulo pafoni Zena anangoti, "Ndamvera, Ababa." Mawu awiri okha, koma anandifunditsa kuposa bulangete. Tinalera bwino mwana, kapena ndinene kuti munalera bwino. Inuyo munati mawu anu ali m'kalata, simukufuna kuwabwereza. Ndikudziwa kuti ndi okoma, chifukwa inu pakamwa mumauma koma mumtima mumagwirizana nane.

Kuno kukuzizira koopsa, zala zimachita kukanika kumanga mfundo. Ndikulakalaka mwera wa kwathu, womwe uja ndinkautukwana.

Tikubwerera pamadzi Lachiwiri. Ulendo uno akuti ndi waufupi, masabata anayi okha, ndiye pakati pa Ogasiti ndidzakhala kumtunda. Ndidzamve nkhani yabwino yoti mwana wathu amusankha.

Ndine wanu,
Atumani

Kwa Mponda, Mangochi
28 Julayi 2024

Ababa,

Asalamu alaikumu. Musadzidzimuke, ndili bwino, ndikuyenda ndekha. Koma ndavulala bondo.

Loweruka lapitalo tinali ndi gemu ndi atsikana a ku Monkey Bay. Zigawo zitatu ndinasewera bwino. Chachinayi nyenyezi zija zinabweranso. Ndinalumphira mpira, potsika mwendo unali wowongoka, bondo n'kupindikira mkati. Ndinamva kuti thoo, kenako ndinangoona Dorika akundikupiza ndi mpango. Madamu anandikweza panjinga yamoto mpaka kuchipatala.

Adokotala akuti fupa silinathyoke, mtsempha ndi umene wakokeka. Akuti ndipume masabata awiri kapena atatu, kenako ndiyambe kulimbitsa mwendo. Anandijambulira papepala zoti ndizichita. Ababa, nditayang'ana pepalalo sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire. Kuima ndi mwendo umodzi. Kunyonyomala ndi kudzuka. Pambuyo pake kunyamula kolemera pang'ono. Ndi zomwe zija munandiletsa.

Maina a timu ya boma adzawatumiza pa 23 Ogasiti. Madamu akuti ndikayamba mafizo pakati pa Ogasiti, pofika nthawi ya ku Blantyre bondo lidzakhala litalimba, dzina langa adzalemba. Ndikapanda kuyamba sadzalemba, akuti sangatumize mwana wa eni kuti akalumale. Amayi akuti ndingoyamba, inu mudzamvetsa. Koma ine ndinakulonjezani, ndipo sindikufuna kuti chinthu chimodzi chimene munandipempha ndichichite mobisa. Mwati mutsika pakati pa Ogasiti. Mukangowerenga kalatayi imbani foni, munene mawu amodzi okha, eya kapena ayi. Mukati ayi ndidzamvera, koma ndidzalira, ndikuuziranitu.

Pali chimene sindikumvetsa. Mukuti ankakutchani Chidule. Ine ndimakukumbukani muli wamtali, ndinkachita kukweza mutu kuti ndikuoneni nkhope, ndipo mukandinyamula paphewa ndinkagwira denga. Kapena anthuwo ankangokuchitirani nsanje.

Amayi andiimika pakhoma lero, n'kundiyeza ndi chingwe cha ukonde kuchokera kuchidendene mpaka pamutu. Akuti ndiike m'kalatamu. Ndawafunsa kuti n'chachiyani, akungoti, "Abambo ako amati chingwe sichinama." Ndiye ndi chimenecho, ndachikulunga m'pepala.

Ndikudikira foni yanu.

Mwana wanu,
Zena

Kwa Mponda, Mangochi
25 Ogasiti 2024

Bambo a Zena,

Asalamu alaikumu. Sitikudziwa ngati muli bwino, chifukwa foni yanu takhala tikuimba kuyambira pa 12 mpaka dzana, ikungoti sikupezeka. Tikungodalira Mulungu kuti ndi ntchito yakuchedwetsani, osati china.

Maina anapita Lachisanu. La Zena palibe. Dorika amusankha.

Masiku onsewa foni yanga inkakhala ndi iye. Kumjigo amapita nayo, posamba amaiika pawindo. Ikalira amathamanga motsimphina, kupeza ndi amayi a kumsika akufunsa za tomato. Lachinayi Madamu Fyness anabwera okha kunyumba, anakhala pamkeka ola lathunthu kumunyengerera kuti angoyamba, tsiku limodzi lokha likwanira kuti alembe dzina. Achimwene anga anabweranso, ulendo uno mokalipa. Inenso ndinakalipa, mpaka ndinanena mawu ena okhudza inu amene ndapempha kale chikhululuko kwa Mulungu. Mwana wanu anangoti, "Aimba." Liuma limeneli si la kwathu, mukudziwa kumene analitenga.

Lachisanu madzulo anandibwezera foni. Sanalire pamaso panga. Anatenga ndowa n'kupita kumjigo, chonsecho madzi anali odzaza m'migolo yonse. Dzulo wapita kukamuthandiza Dorika kusoka nambala pa yunifomu.

Sindikulemba kuti ndikuimbeni mlandu. Ndikudziwa kuti munaletsa chifukwa chomukonda, ndiponso chifukwa kuletsa ndi ntchito yokhayo ya ubambo imene imakwana mu envulopu. Koma mumaletsa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, amene kuno kulibenso.

Mukatsika, mutidziwitse kuti muli moyo.

Shamima

Hout Bay, Kepitauni
6 Seputembala 2024

Zena mwana wanga,

Waalaikumu salamu. Ndili moyo. Nsomba zinasowa, bwana anati sitibwerera chimanjamanja, masabata anayi aja anasanduka asanu ndi awiri. Ndatsika dzana n'kupeza makalata atatu pabedi langa, awiri a amayi ako ndi imodzi yako. Dzulo ndinaimba, unamva wekha kuti ndinangonena mawu amodzi okha, "eya". Enawo ndi awa.

Ndinawerenga motsatira masiku ake. Ya Juni inandiseketsa, mpaka pamene ndinafika pa mawu amene unawauza mjomba wako. Nditatsegula yako, kachingwe kanagwa pansi. Ndinadikira anzanga atuluke. Ndinavula nsapato, ndinaima pakhoma, ndinaponda nsonga imodzi ndi chidendene, inayo n'kumaikweza. Inadutsa pathumba la malaya. Inadutsa paphewa. Ndinaganiza kuti ilekeza pachibwano, inadutsa. Nditafika pamutu panga chingwe chinali chisanathe, chinatsala zala zinayi.

Ndinayeza katatu, poganiza kuti amayi ako awonjezera dala. Koma amayi ako ngakhale ali ndi pakamwa sanama. Mwana amene ndimaopa kuti apinimbira anandipitirira kalekale, ndipo anandipitirira akunyamula zitini zomwezo chaka ndi theka. Chidule ndi ine ndekha, ndipo zikuoneka kuti ndinatengera abambo anga a pachulu aja.

Kenako ndinatulutsa chingwe chakale chija m'kachikwama ka pasipoti, n'kuziyala ziwirizo pabedi, nsonga pamodzi. Chatsopano chinapitirira chakale kuchokera pachigongono changa mpaka kunsonga ya zala. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana kachidutswa kameneko mpaka nthawi ya swala inandipitirira. Kameneko ndi iwe amene sindinakuone. M'menemo muli Sitandade 4 mpaka Fomu 2, muli tsiku limene unagwira mpira koyamba, muli mano amene anatuluka ine kulibe. Ndinalira, mwana wanga, sindikubisira.

Ulendo wa ku Blantyre ndakulanda ndine. Si bondo, si Madamu, si galimoto ya Che Swadick. Ndinatenga mantha anga a pakhoka n'kukusenzetsa, ndipo amenewo ndi amene anali katundu wopitirira msinkhu wako. Undikhululukire ngati ungathe.

Mawu anga ndabweza. Pita kwa Madamu Fyness, uwapepesere m'malo mwanga, uchite zonse zimene iwo ndi adokotala anena. Uyambe ndi paipi yokha monga kale, usathamangire. Ndipo tsiku lina ndikadzakuletsanso chinthu chimene sindikuchidziwa, udzanditsutse. Kunditsutsa sikudzakuchotsera bambo.

Undijambulire phazi lako papepala latsopano, ndikugulire nsapato zokukwana.

Ndine bambo ako wamfupi,
Atumani

Kwa Mponda, Mangochi
29 Seputembala 2024

Ababa,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndawerenga, amayi anawerenganso, ndipo ulendo uno sanaseke.

Ndinakukhululukirani kale pa foni paja. Kuwawa kokha kukadalipo, makamaka dzulo pamene Dorika amandiuza za ku Blantyre, koma Madamu akuti chaka chamawa ndidzakhala ndi zaka 16, mwayi ukadalipo. Mafizo ndayambiranso. Ndili pa paipi yopanda zitini, pamodzi ndi ana a Fomu 1, ndipo kabango kaja kandigogoda kale kawiri. Bondo likumvera. Ndikuima ndi mwendo wovulala uja mpaka kuwerenga makumi anayi.

Pepala la phazi sinditumiza. Likamadzafika kumeneko mwina phazi lidzakhala litasinthanso, inu n'kumasunga lakale. Chingwe chinanso sinditumiza.

Masewera a sukulu adzayamba mu Meyi. Nsapato amagulitsanso pa Mangochi pompano. Mubwere mudzandiyeze nokha, Ababa. Mukadzalephera kufikira pamutu, ndidzawerama.

Mwana wanu,
Zena